Mlandu wa Wotchi ya Agogo

Anzanga owerenga, inu amene munagonako ku hositelo ya anyamata mudziwa kuti kumeneko mkangano susowa. Usiku wina tikangana za mpira, usiku wina za nyemba za ku khitchini, ndipo izi zikatitopetsa tifuna china. Teremu yathayi china chimenecho chinali mawotchi. Popeza lamulo la sukulu sililola mafoni, wotchi ya pamkono yabwerera pa ulemu wake wakale, ndipo mnyamata amene ali nayo afunsidwa nthawi kakhumi pa tsiku. Ine ndinalowa mu mkanganowo ndiri ndi manyazi, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya chinthu chimene sindikanachipezanso. Ndifuna kukusimbirani m'mene zinayendera, kuti kapena wina amene ali kusunga ndalama za wotchi atolepo nzeru.

Kwathu ndi ku Likangala, kumene mtsinje wa dzina lomweli, utatsika m'phiri la Zomba ndi kudutsa m'tauni, umafika wotopa m'madambo a mpunga ndi kutsira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja yathu ndi yosaya ndipo iribe mtsinje wotulutsa madzi, chotero zaka za mvula yochepa zikatsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 ine mwini ndinaona mabwato atagona pa matope ong'aluka. Kuphwa kwa 1968 ndiko kunabala wotchi imene ndiri kunena. Matemba, makumba ndi milamba zitasowa, agogo anga aamuna, amene pa nthawiyo anali mnyamata wokoka khoka, analembetsa ku Wenela napita ku migodi ya golide ku Joni. Ndalama zoyamba zimene anasunga anagulira wotchi. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown ndi kupha anthu 78, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo boma linaletsa maulendowo. Agogo anabwerera ku mudzi ndi sutikesi, bulangete, ndi wotchi yawo pa mkono.

Tsiku limene ndinanyamuka kudza kuno ku sekondale, agogo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, navula wotchiyo, nandimanga nayo. Anangoti, "Mdzukulu wanga, uziipukusa m'mawa uli wonse usanasambe, ndipo madzi isawaone." Ndinathokoza monga mwa mwambo, koma ndiulule pano kuti mtima wanga sunakondwe kwenikweni. Wotchiyo ndi yaing'ono, nkhope yake yasanduka yachikasu ngati dzino la nkhalamba, galasi lake liri ndi mikwingwirima, ndipo dzina la amene anaipanga linafufutika kalekale. Mawu otsala ndi awa okha: Swiss Made ndi 17 Jewels. Anyamata a ku hositelo ataiona anaitcha Nkhalamba, ndipo ine ndinayamba kuibisa m'thumba la kabudula.

Kumayambiriro a teremu yathayi mnzanga wina wa ku Blantyre, amene bedi lake liri pafupi ndi langa, anabwera ndi wotchi yaikulu yonyezimira ngati golide. Pankhope pake panali timawotchi tina titatu, m'mbali mwake mabatani awiri, ndi dzina lotchuka la ku Switzerland, ngakhale kuti anaigula kwa munthu woyenda ndi malonda m'manja pa mtengo wosaposa wa nsapato za mpira. Inali yosafuna batire, pakuti imadzipukusa yokha mkono ukamayenda. Tinaitcha Golide. Ataona m'mene maso anga anali kuikhumbira, mnzangayo anati, "Aise, undipatse Nkhalamba yakoyo ndikapatse mng'ono wanga azisewera nayo, uwonjezepo ndalama zako za m'thumba, ndipo iyi ikhala yako." Ndinavomera. Tinapangana kuti tidzasinthana tsiku lotsekera sukulu.

Chimene chinandipulumutsa ndi mnyamata wofatsa wa ku Mulanje, mwini kawotchi kakuda ka pulasitiki ka Casio F-91W. Usiku wina iye ananena poyera kuti kawotchi kake kaposa mawotchi onse a m'hositelo, ndipo nyumba yonse inagwa ndi phwete. Mkangano utakula, mkulu wa hositelo anati mlanduwo upite kwa aphunzitsi a Fizikisi. Iwo atatimvera anati, "Anyamata inu, mlandu suweruzidwa poyang'ana zovala za mboni. Yambani mwabisa mawotchi anu m'thumba, mugwirizane zimene wotchi iyenera kuchita, muzilembe, ndipo mukatero ndiye muyese." Tinakhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka lonse, ndipo tinatuluka ndi miyeso isanu, uli wonse wa mamalikisi 10: kusunga nthawi, kulimba, kupirira madzi ndi fumbi, kuwerengeka usana ndi usiku, ndi kukonzeka ikaonongeka. Mwini Golide anapempha kuti pakhale muyeso wachisanu ndi chimodzi wa kukongola, koma tinakana, pakuti chokoma kwa wina n'chonyansa kwa mnzake, ndipo palibe rula yoyezera maso a munthu. Analowa mawotchi asanu ndi imodzi, koma ine ndinena za atatu okha.

Muyeso woyamba ndiwo unatitengera masiku ambiri ndi kutiphunzitsa zambiri. M'mawa uli wonse pa 6 koloko tinali kusonkhana pa khonde la aphunzitsi, amene anali kutsegula wailesi ya BBC. Ola likamakwana wailesi imeneyi imaliza timaphokoso tisanu ndi kamodzi, monga yakhala ikuchitira kuyambira 1924, ndipo komaliza, kamene kali kotalikirapo, ndiko kasonyeza kuti ola lakwana ndendende. Tsiku loyamba tinalinganiza mawotchi onse, ndipo kwa masiku 7 otsatira panalibe wololedwa kukhudza mivi. Mlembi wathu anali kulemba masekondi amene wotchi iri yonse yathamanga kapena yatsalira kuyambira dzulo lake.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri kawotchi ka ku Mulanje kanali patsogolo ndi masekondi 3 okha. Golide anali patsogolo ndi masekondi 5. Nkhalamba yanga inali m'mbuyo ndi mphindi 4 ndi masekondi 40. Ndinafuna pansi pang'ambike ndilowe. Mwini Golide anali kuvina kale pa khonde, koma aphunzitsi anatenga kope la mlembi nati, "Dikirani, tiwerenge tsiku ndi tsiku." Za Golide zinali motere: tsiku loyamba anathamanga masekondi 50, lachiwiri anatsalira 35, lachitatu anathamanga 70, lachinayi anatsalira 80, kenaka anathamanga 20, anatsalira 60, nathamanganso 40. Za Nkhalamba zinali motere: inatsalira 39, 41, 40, 40, 42, 39 ndi 39.

Pamenepo aphunzitsi anatifunsa kuti, pa anthu awiri, wina wofika mochedwa ndi mphindi imodzi tsiku liri lonse ndi wina amene lero afika usiku, mawa masana, ndani amene tingamtume ku chipatala? Anatifotokozera kuti Golide anafika pafupi ndi nthawi yoona mwa mwayi chabe, pakuti zolakwa zake zinadyana zokhazokha, ndipo tikanaleka pa tsiku lachitatu akanapezeka patsogolo ndi masekondi 85. Koma wotchi imene itaya masekondi ofanana tsiku ndi tsiku iri ndi mtima wokhazikika, ndipo mwini wake angathe kudziwa nthawi yoona pongowonjezera. Anati amalinyero akale ankachita chomwecho. Iwo sankakhudza mivi ya koloko ya m'sitima, koma ankalemba m'buku masekondi amene imataya pa tsiku, chifukwa pa nyanja yaikulu kuphonya masekondi 4 ndiko kuphonya malo ndi mtunda wokwana pafupifupi makilomita awiri. Wotchi yotchuka ya John Harrison itayesedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761 ndi 1762, inapezeka kuti yaphonya ndi masekondi 5 okha, koma iwo anali atayamba awerengera kataidwe kake kodziwika ka tsiku ndi tsiku.

Tinamvanso kuti ku Switzerland kuli bungwe lotchedwa COSC, limene linakhazikitsidwa mu 1973, loyesa mawotchi a sipuling'i kwa masiku 15. Amaigoneka ndi kuiimika m'njira zisanu, amaiika pozizira, pofunda ndi potentha, ndipo yopambana mayeso siyenera kutsalira koposa masekondi 4 kapena kuthamanga koposa masekondi 6 pa tsiku. Iwonso sayang'ana chiwerengero chomaliza chokha, koma amayang'ananso ngati kayendedwe ka lero kafanana ndi ka dzulo. Nkhalamba yanga sikanapambana mayeso amenewo, ndipo sindinama kuti ikanatero. Koma ndinatenga pensulo ndi kuwerengera: tsiku liri ndi masekondi 86,400, chotero kutaya 40 ndiko kuphonya kamodzi pa 2,160. Ndani wa ife m'kalasi la Masamu amene analembapo mayankho 2,160 nalakwa limodzi lokha? Ndipo ichi chichitidwa ndi kagudumu ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, zimene zagunda kasanu pa sekondi kwa zaka zoposa 50.

Nanga chifukwa ninji kawotchi ka pulasitiki kanaposa onse? M'kati mwake mulibe kagudumu, koma muli kamwala ka quartz kamene batire ikapatsa mphamvu kanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Nambala imeneyi sinasankhidwe mwa chibwana, pakuti mukaigawa pakati ka 15 mutsala ndi 1, ndipo imeneyo ndiyo sekondi. Wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu umenewu inagulitsidwa ndi kampani ya Seiko ku Japan pa 25 December 1969, agogo ali pansi pa mgodi, ndipo mtengo wake unali wofanana ndi wa galimoto yaing'ono. Lero nzeru yomweyo iri pa mkono wa mwana wa mlimi wa tiyi. Casio F-91W inayamba kupangidwa mu 1989, ndipo eni ake amalonjeza kuti siphonya koposa masekondi 30 pa mwezi ndi kuti batire yake ikhala zaka pafupifupi 7. Pa muyeso woyamba tinaipatsa 10, Nkhalamba 6, Golide 3.

Miyeso itatu yotsatira sinafune wailesi, pakuti moyo wa pa sukulu unatiyesera wokha. Pa kulimba tinayang'ana thupi la wotchi, galasi ndi lamba. Thupi la Nkhalamba ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo thukuta la ku mgodi ndi la m'munda wa mpunga silinalidye. Galasi lake ndi la pulasitiki yolimba, limene likandika msanga koma silisweka wamba, ndipo mikwingwirima yake yosaya inachepa nditaipukuta ndi kansalu ndi mankhwala otsukira mano. Tinamva kuti mawotchi odula ali ndi galasi la safiro, limene mpeni sulikanda, koma ife sitinalione. Golide anayamba kusupuka m'makona teremu isanafike pakati, ndipo pansi pa utoto panatuluka chitsulo chotuwa chimene chinasiya mzere wobiriwira pa mkono wa mwini wake. Tinapezanso kuti mivi ya timawotchi titatu tija inali yongomata, ndi kuti mabatani awiri aja mukawadina palibe chochitika. Akulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa madzi ndipo Nkhalamba inagwa kotheratu. Kampani ya Rolex inatulutsa wotchi yosalowa madzi mu 1926 pomanga chivindikiro ndi kopukusira ngati nati pa bauti, koma mawotchi ambiri amadalira timphira ting'onoting'ono, ndipo timphira timauma ndi ukalamba. Wotchi ya zaka 50 njosayenera kuinyowetsa ngakhale ndi mame. Taphunziranso kuti manambala olembedwa kuseri kwa wotchi asamatinyenge. Yolembedwa mamita 30 ipirira mvula ndi kusamba m'manja basi, ndipo wofuna kusambira nayo afune ya mamita 100. Kwa ife a ku Chilwa nkhani iyi njaikulu, pakuti madzi a nyanja yathu ndi amatope ndi amchere, ndipo msodzi wogona m'chimbowera pakati pa njedza akhala m'chinyezi usana ndi usiku. Kuseri kwa Golide kunalembedwa mamita 200, koma mwini wake atachapa nayo malaya pa mpopi, galasi linachita nkhungu m'kati masiku awiri. Kawotchi ka ku Mulanje kanavumbwa ndi mvula ku bwalo la mpira, osachita kanthu.

Kuwerengeka tinakuyesa usiku wina magetsi atathima pa nthawi ya pulepu. Wa ku Mulanje anadina batani, kanyali kanayaka, natiuza nthawi. Utoto wowala wa pa mivi ya Nkhalamba unafa kale, kotero mu mdima iri ngati mwala, ngakhale kuti masana mivi yake yakuda pa nkhope yoyera iwerengeka ndi kuphethira kumodzi. Golide, wa mivi ya golide pa nkhope ya golide, anafuna kumpendeketsa ngakhale dzuwa liri pamutu.

Muyeso womaliza tinapita nawo ku tauni ya Zomba Loweruka la chilolezo, kwa bambo wina wachikulire wokonza mawotchi pa katebulo ka galasi pafupi ndi msika. Atatsegula Golide anapukusa mutu nati, "Ana anga, iyi ikaima ndi yotaya, pakuti zitsulo zake nzofewa ndipo zosinthira zake palibe." Za Casio anati ntchito yake ndi batire ndi lamba basi, ndipo zonsezi anali nazo m'kabati. Koma atatsegula Nkhalamba anakhala chete, navala kagalasi ka diso limodzi, nandiitana kuti ndione. Ndinaona kagudumu kakupita uku ndi uku monga mtima wa mbalame, ndi timiyala tofiira tonyezimira. Ndinafunsa kuti, "Bambo, kodi miyala 17 imeneyi ingagulitsidwe?" Iwo anaseka nati ndi rube wopangidwa ku fakitale, wopanda mtengo pa msika, koma amaikidwa pamene mipini ya timagudumu izungulira kuti chitsulo chisadye chitsulo chinzake, ndipo ndicho chifukwa chake wotchiyo ikali moyo. Anandisonyezanso kamuvi kakang'ono kokhala pakati pa chizindikiro chowonjezera ndi chochotsera. Anati akakasuntha pang'ono masekondi 40 aja achepa, popeza wotchi yotaya mofanana ilangizika, pamene yosinthasintha iribe pogwira. Potsiriza anandiyang'ana nati, "Mnyamata iwe, uziitsukitsa ndi kuithira mafuta pakapita zaka zingapo. Ukatero idzakuika m'manda ndiwe."

Titaphatikiza mamalikisi, kawotchi ka pulasitiki kanapeza 43 pa 50, Nkhalamba 29, Golide 16. Mnyamata wa ku Mulanje, amene tonse tinamseka, ananena zoona, ndipo tinampepesa. Usiku womwewo ndinapita kwa mnzanga wa ku Blantyre ndi kumuuza kuti pangano lathu ndalibweza. Sanakwiye. Anangoti nayenso sakanafuna kugulitsa mnzake nyerere, ndipo mpaka lero tidyera mbale imodzi.

Pa tchuthi ndinafika ku Likangala mpunga uli kucha, ana ali kuingitsa mbalame m'minda. Madzulo ndinakhala ndi agogo pa khonde ndi kuwasimbira zonse, osabisa ngakhale za pangano lija. Pa za pangano sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka koposa ndodo. Koma nditafika pa masekondi 40 anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Zimenezo mwachita kuyitanira aphunzitsi? Imeneyo imataya mphindi zisanu pa sabata. Ine ndinkaikonza Lamulungu liri lonse pa nkhani za pa wailesi, ndipo pofika Lachinayi ndinkadziwa kuti ndiwonjezere zitatu." Anandiuza kuti zaka zimene ankathandiza kugawa madzi m'ngalande za sikimu ya mpunga, alimi ankakangana za nthawi yotsegula ndi yotseka, ndipo wotchi imeneyi ndiyo inkathetsa mirandu. Akamapita ku nyanja ankaisiya ku nyumba m'kachitini ka fodya.

Ndinawauzanso za kawotchi kamene kanapambana, ndiri kuopa kuti akhumudwa. Iwo anafunsa mafunso atatu: ngati kaopa mvula, ngati kaoneka usiku, ndi ngati kafuna kupukusa. Nditayankha anati, "Kakanakhalapo ku Joni ndikanagula kameneko." Kenaka anatambasula manja awo pa kuwala kwa nyali, ndipo ndinaona zala zotupa m'mfundo, zosatha kupinda bwino. Anati, "Ukuganiza kuti ndinakupatsa chifukwa ninji? Zala izi zinaleka kugwira kopukusira kaja. Inkangogona m'chitini, ndipo wotchi yogona ndi yakufa." Apo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zitatu zonsezi agogo akhala akuyang'ana dzuwa, ndi kufunsa ana a eni nthawi ya kumwa mankhwala awo.

Tsono, anzanga, ngati mufuna kuyerekeza mawotchi, malangizo anga ndi awa. Lembani miyeso yanu musanaone malonda, kuti maso asakulamulireni. Musafunse kokha kuti wotchi yaphonya ndi zingati lero, koma muiyese sabata yathunthu ndi kuona ngati iphonya mofanana. Musakhulupirire dzina kapena nambala yolembedwa pa chinthu chimene mtengo wake sugwirizana nazo. Funsani wokonza mawotchi musanagule, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo muganizire mkono umene udzaivala, chifukwa mamalikisi athu 43 ndi 29 anali a mnyamata wa ku hositelo, ndipo msodzi, namwino kapena nkhalamba angawagawe mwa njira ina.

Ine ndiri kuvala Nkhalamba poyera tsopano. Ndimaipukusa belu loyamba likalira, ndipo kuseri kwa kope langa la Fizikisi ndalemba masekondi owonjezera a tsiku liri lonse la sabata. Ndalama za m'thumba zimene ndikanapereka pa Golide ndazisunga, ndipo ndawonjezerapo za ganyu womweta mpunga. Poyamba ndinati ndikatsukitsire wotchi yanga kwa bambo a ku msika aja, koma iyo yadikira zaka zambiri ndipo idikirabe teremu ina. Loweruka la chilolezo likudzali ndikagula kawotchi kakuda ka pulasitiki, ka manambala ooneka bwino ndi kanyali, ndipo tsiku lotsekera sukulu ndidzakamanga pa mkono wa agogo.

Mnyamata wa Fomu 3